Miyala Iwiri ya Atsibweni Ako

Filimoni mwana wanga,

Ndikulemba masana ano ndili pakhonde, iwe utapita ku Kabudula kukatsanzikana ndi azakhali ako. Amayi ako akukukazingira mtedza wa paulendo, ndipo nthawi ndi nthawi akundiponyera diso, chifukwa amadziwa kuti ine ndikagwira pensulo ndiye kuti pali mawu amene akana kutuluka pakamwa. Kalatayi ndiipisa pansi pa bulangete m'bokosi lako. Usaiwerenge pa lole ya ku Nsaru, pamene anthu amasuzumira chilichonse chimene mnzawo wagwira. Ukaiwerenge m'sitima ukachoka ku Salima, koma uimalize usanafike ku Limbe. Ndikubwereza, uimalize usanaonane ndi atsibweni ako a Simeoni, alongo awo a amayi ako, amene ukakhale pakhomo pawo. Sunawaonepo chibadwire, ndipo chifukwa chake chili m'kalata muno.

Umandidziwa kuti ndine munthu wokayika. Amayi ako amati ndimanunkhiza ngakhale madzi amene ndatunga ndekha, ndipo sindikana ayi. Choncho za panjira ndingokuuza mwachidule. Munthu wokumwetulira pa siteshoni nati akunyamulire bokosi, umuthokoze, bokosilo ulinyamule wekha. Wokufunsa kuti ndiwe mwana wa yani, umufunse kaye kuti iye ndi mwana wa yani. Asilikali abwerako kunkhondo ndi nkhani zambiri, ena ndi timabotolo timene amati timachiza nthenda zonse. Nkhanizo uzimvetsera, kabotolo usalandire. Izi ndi zazing'ono. Chachikulu ndi ntchito imene ukukaphunzira kuchipatala, yosakaniza mankhwala, chifukwa kumeneko akakupatsa sikelo m'manja. Ine ndinagwirapo sikelo, ndipo ndikudziwa chimene imachita ndi mutu wa munthu.

Ndiyambe ndi mchere. Ndisanakwatire, ndili kwathu ku Nambuma, panadutsa munthu ndi thumba la mchere pamutu. Ndinampatsa tambala wanga wofiira, iye nandithirira mchere m'kansengwa. Nditaunyamula unali wolemera bwino, ndipo ndinaseka chamumtima kuti ndamudyera mlendo. Ndinauyanika padenga masiku atatu, unapepuka mpaka agogo ako anandifunsa ngati ndapungulako. Munthu uja anali atauwaza madzi, ndiye kuti tambala wanga ndinasinthanitsa ndi madzi a m'dambo. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti palibe adzandipusitsenso pa kulemera kwa chinthu, ndipo ndinagwira mfundo iyi: chinthu sichilemera chokha, sichipepuka chokha, chikapepuka chilipo chimene chachoka. Mfundoyi ndi yoona, Filimoni, iwe wemwe unandiuza kuti ndi imene ili m'buku lanu. Koma ine ndinaigwira mbali imodzi. Mchere uja unali utandionetsa kuti madzi amachoka popanda wowanyamula, koma ine ndinangokumbukira wakubayo, dzuwa ndinaliiwala.

Tsopano za laimu, ndipo apa uwerenge pang'onopang'ono. Chaka chimene amayi ako anali ndi pakati pa iwe, ine ndinali mkamwini wa zaka zochepa pamudzi pano, ndikugwira ntchito kwa mzungu wa fodya amene anali ndi munda kutsidya kwa dambo. Dzina lake linkatikanika, tinkangomuti Kamphuno. Ankamanga nyumba ya njerwa ndi mabalani a fodya, choncho ankafuna laimu wambiri womangira ndi wopaka. Miyala yoyera yotentha laimu inkabwera pa ngolo kuchokera kumpoto, ulendo wa masiku angapo. Woitentha anali atsibweni ako. Ntchitoyi anaiphunzira kumwera, ndipo kuno kunalibe wina woidziwa. Ankasanja miyala mu uvuni, nkhuni pansi, n'kusonkha moto masiku atatu osauleka, iwo akugona pomwepo. Ndiwonso anandipezera malo. Anauza Kamphuno kuti, "Mlamu wangayu amadziwa kulemba," ndipo sipanathe miyezi itatu ndinali kapitawo, chipewa kumutu, ndikulamula ndi amene anandilowetsa ntchito yemwe.

Pa mkuyu wa pafupi ndi uvuni panali popachika sikelo ya fodya, ija ya mbedza. Nyengo imeneyo fodya anali asanakhwime, sikelo inkangolendewera. Palibe anandituma, Filimoni, ichi ukumbukire. Ine ndekha, pofuna kuoneka wochenjera, ndinayamba kupima madengu a miyala polowa mu uvuni, n'kupimanso laimu potuluka. Madengu ankalowa makumi awiri, n'kutulukanso pafupifupi makumi awiri omwewo, koma pa sikelo kulemera kunali kutatsika pafupifupi ndi theka. Ndinati mwina ndalakwa kuwerenga. Uvuni wachiwiri ndinapima mosamala, ndikulemba pa pepala, ndipo zinatuluka chimodzimodzi. Ndinakumbukira tambala wanga. Pofika madzulo ndinali nditamaliza kale kuumba nkhani m'mutu mwanga, yakuti wogona pa uvuni amatulutsa laimu wabwino wolemera, natisiyira miyala yachabe yopepuka kuti madengu adzaze.

Ndinawafunsa atsibweni ako, koma sikunali kufunsa kwa munthu wofuna kumva.

"Alamu, miyala ija yapita kuti?"

"Ili m'madengumo. Kodi simukuiona?"

"Madengu ndikuwaona. Kulemera kwake kuli kuti?"

Anaseka, natola mwala wosapsa ndi wina wakupsa, yofanana kukula, nanditambasulira manja onse awiri. "Mwala ukapsa umapepuka, alamu. Nyamulani muone."

Sindinanyamule. Ndinapinda manja kumbuyo monga ndinkaonera Kamphuno akuchitira. Ndinati, "Nkhuni zikapsa timaona utsi, timaona phulusa. Mwala ulibe utsi, ndipo ukutuluka wamphumphu. Ngati wapepuka, ndiuzeni kumene kwapita kulemerako."

"Kumeneko ndiye sindidziwa. Ndikanadziwa ndikanakuuzani. Ine ndimangodziwa kuti umapepuka."

"Ndiye kuti simudziwa, eti?"

"Sindidziwa."

Anaimabe choncho, manja ali tambalale, mpaka anaona kuti sindilandira, naponya miyalayo pansi. Yankho lawo ndinalitenga ngati kuvomera mlandu. Munthu anandiuza moona pamene nzeru zake zathera, ine ndinamva ngati mbala yasowa chonena.

Sabata yomweyo akazi awo anatsutsuta nyumba yawo, khoma linayera mbee. Ndinaima patali ndikuliyang'ana, ndinati umboni suwu. Lero ndikudziwa, ndipo ndikuganiza kuti ndi tsikulo lomwe ndinkadziwa, kuti linali dothi loyera la kudambo limene akazi onse a pano amakumba. Laimu amaluma lilime, dothi sililuma. Chala chimodzi pakhomalo chikanathetsa nkhani yonse. Sindinapite kukalikhudza, chifukwa munthu akakonda mlandu umene waupeza safuna chinthu chouwononga. Ndinapita kwa Kamphuno ndi pepala langa.

Kamphuno analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenaka anayang'ana ine, naitanitsa antchito onse. Atsibweni ako anawamangirira pa mkuyu womwe uja wa sikelo. Chikoti chinagwiridwa ndi wina, koma wowerenga anali kapitawo. Ndinawerenga mokweza, mpaka khumi ndi ziwiri. Sanalire, ndipo sanandiyang'ane. Atawamasula anatola malaya awo, napita kumudzi osavala, chifukwa msana sukanalola. Pofika Lamulungu dzina la mbala linali litafika mpaka ku Mpingu, ndipo anthu amene dzana ankawaitana kukaweruza za maukwati anayamba kulowetsa makasu m'nyumba akawaona akudutsa.

Uyenera kudziwa chimene chinachitika pamudzi, chifukwa chikukhudza iwe. Abale a amayi ako anasonkhana kuseri kwa nkhokwe zija, ine anandikhazika pakati. Ankati, "Mkamwini wabwera dzana, lero wakwapulitsa mwini mbumba. Atenge mphasa yake azipita kwawo." Analibe kulakwa. Mudzi ndi wawo, minda ndi yawo, ana ndi awo, ine ndinabwera ndi kansengwa ndi khasu. Ndinali nditayamba kale kuganiza njira ya ku Nambuma. Ndiye atsibweni ako, atakhala chowerama chifukwa sankatha kutsamira, anati, "Msiyeni. Mlongo wanga ali ndi pakati, mwana asabadwe atate ake ali kuthengo." Anthu anang'ung'udza. Iwo anawonjezera kuti, "Wochoka ndine. Sindingamwe pachitsime chimodzi ndi munthu amene amandiyesa mbala." Anachoka mvula isanagwe, iwe unabadwa patapita miyezi iwiri. Ngati unakula ndi atate pakhomo, Filimoni, anakupatsa ndi munthu amene atate akowo anamukwapulitsa.

Kodi ukudziwa chimene ndinaganiza akuchoka? Ndinati waona, wathawa manyazi, wosalakwa sachoka. Mtima wokayika umatero, chilichonse umachisandutsa umboni wake. Kamphuno anaitanitsa wotentha laimu wina wa kutali, uvuni unayakanso, sikelo inali pomwepo pa mkuyu. Sindinapimenso. Ndinkadziuza kuti fodya wakhwima, sikelo ili ndi ntchito. Bodza limenelo. Ndinkaopa kuti ndikapima, kulemera kudzatsikanso ndi theka pamene a Simeoni ali ku Limbe. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuzungulira funso limeneli monga munthu amazungulira dzenje la pakhomo pake. Amayi ako sanatchulenso nkhaniyi. Pa ukwati wa mlongo wako unkhoswe anagwira ndi achibale a kutali, alendo akufunsana kuti eni mbumba ali kuti, ine ndikutanganidwa ndi kugawa mowa kuti ndisamve.

Ndiye tchuthi chapitachi unabwera iwe ndi nkhani za kusukulu. Unati, "Atate, chinthu sichitha, chimangosintha. Zolowa ndi zotuluka zimalemera chimodzimodzi mukazigwira zonse." Ine ndinati aphunzitsi akukunamizani, nanga nkhuni zimapita kuti? Unaseka, unatenga mwala woyera uja umene timatchingira chitseko cha khola, unauphwanyako kachidutswa, n'kundikokera ku Nsaru kwa Mmwenye wa sitolo, amene ali ndi sikelo ya mbale ziwiri yopimira fodya wa mphuno. Sunandifunse kuti mwalawo unachokera kuti. Ndinautola pa uvuni wa Kamphuno chaka chomwe chija, ndipo sindidziwa chifukwa chimene ndinausungira.

Ukukumbukira chimene unachita, koma sukudziwa chimene ine ndinaona. Unafinyira mandimu m'botolo, unasinja kamwala kaja, unakakulunga m'kapepala n'kukapanikiza pakhosi pa botolo kuti kasagwere, unatseka n'kumanga chitsekero ndi chingwe. Botololo unaliika pa mbale imodzi, inayo unaikamo miyala ya sikelo ndi njere za chimanga mpaka mbale zinalingana. Utapendeketsa botolo, ufa wa mwala unagwera m'madzi a mandimu, thovu linabwadamuka, ufawo unayamba kutha tikuona. Unalibwezera pa mbale, sikelo osasuntha. Unandiuza kuti ndiyang'anitsitse, ndipo ndinayang'anitsitsa, ndi zala za Mmwenye zomwe ndinaziyang'ana. Kenaka unamasula chingwe, chitsekero chinati phwii, unakhutchumula botolo, n'kubwezera zonse pa mbale, chitsekero ndi chingwe chomwe. Mbale ya botolo inakwera. Unachotsa njere zitatu kuti zilinganenso. Ndiye unanena mawu awa, maso ali pa sikelo: "Mwala uwu uli ndi mpweya womangika m'kati, atate. Mandimu amaumasula, moto waukulu umaumasulanso. Potentha laimu ndi mpweya womwewu umene umachoka, pafupifupi theka la mwala, ndipo suoneka."

Ndithokoza kuti sunkayang'ana ine. Ndinagwira thebulo la sitolo. Mmwenye ndiye anaona, nati, "A Banda, mwaona mzukwa kodi?" Ndinati ndi dzuwa la panjira. Pobwerera unkalongosola za dzimbiri, kuti khasu likachita dzimbiri limalemerako chifukwa latenga china mumpweya, ine ndinkangoti eya, eya, osamva kanthu. M'makutu mwanga munali mawu a munthu wina, akuti nyamulani muone.

Usaganize kuti ndinakhulupirira pomwepo. Ine? Masiku atatu ndinkati mwana uyu anapangana ndi Mmwenye, kapena amayi ake anamunong'oneza nkhani yakale, andikonzera sewero. Ndinawayang'anitsitsa amayi ako pophika, potunga, kufuna kuona ngati akuseka chamumtima. Kenaka ndinati mandimu si moto, njere zitatu si theka la dengu. Ndinapita kumabwinja a Kamphuno, kumene tsopano kwamera mitengo m'kati mwa mabalani, ndinafukula miyala yotsala pafupi ndi uvuni. Ndinapanga sikelo yangayanga, ndodo yowongoka, chingwe pakati, zikho ziwiri kunsonga, kuti pasakhale chala cha munthu wina. Ndinasankha miyala iwiri, ndinaisema pang'onopang'ono mpaka inalingana ndendende. Wina ndinausiya m'chikho, wina ndinapita nawo kwa wosula makasu wa kutsidya.

Mivukuto ndinavukuta ndekha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Makala ndinkathira ndekha. Diso silinachoke pa mwalawo, ngakhale kuthengo sindinapite. Wosula anandiyang'ana mpaka anatopa, nati, "Kodi mwala umenewu mukufuna kusulira khasu?" Ndinati ndikuyesa mankhwala a mbuzi. Mwala unafiira, kenaka unawala mpaka kuthobwa m'maso. Poziziritsa ndinauvundikira ndi mphika, ine n'kukhala pambali dzanja lili pa mphikawo. Kunyumba ndinatseka chitseko, ndinauika m'chikho chake. Unali wamphumphu, kukula komwe kuja, sunasweke. Ndodo inapendekeka mpaka chikho cha mwala wosapsa chinagunda pansi. Ndinawonjezera timiyala kumbali yakupsayo, timiyala, timiyala, mpaka tinakwana pafupifupi theka la mwala. Pa moto umenewu sanagonepo a Simeoni. Panali ine ndekha, ndipo theka linasowa ndikuyang'ana.

Ndinali nditaponyamo kachidutswa kena pamoto pomwepo, chifukwa unandiuzanso za madzi. Ndinakapima, ndinakadonthezera madzi, kanalira ngati mafuta pa chiwaya, kanatentha, kanafufuma n'kusanduka ufa wouma. Madziwo sanaonekenso, koma nditapima ufa uja unali utalemerako. Maso sanawaone madziwo, sikelo inawaona. Ndinakhala pansi pomwepo nthawi yaitali, ndipo ndikuuze zoona, ndinalira, ine amene sindinalire pa maliro a agogo ako.

Amayi ako ndawauza dzana. Ndinawapeza akusenda mtedza womwewu pafupi ndi nkhokwe.

"Naphiri, alongo anu sanabe laimu uja."

Sanaleke kusenda. "Wakuuzani ndani?"

"Mwala. Ndautentha ndekha."

"Ine ndinakuuzani chaka chomwecho, ndili ndi pakati, ndikulira. Achimwene anakuuzani atanyamula miyala m'manja. Ife simunatimve, koma mwala ndiye mwaumvera."

Anauzira makoko m'lichero, nati, "Musandiuze ine. Wokwapulidwa si ine."

Pali chinanso chimene chikundidya, ndipo ndichinene kuti chisakudye iwe tsiku lina. Kamphuno uja analiyang'ana pepala langa nthawi yaitali kwambiri. Munthu wochokera kumene nyumba zonse amamanga ndi laimu, angakhale osadziwa kuti mwala umapepuka ukapsa? Sabata imodzi izi zisanachitike, atsibweni ako anali atadandaula pamaso pa antchito onse kuti phoso, chakudya cha antchito, lachepa. Ndikukayika kuti mzunguyo ankadziwa bwinobwino, ndipo anangoona kuti kapitawo wopusa wamubweretsera chingwe chomangira munthu wolongolola. Sindingatsimikize, anabwerera kwawo kalekale. Ndipo ngakhale zitakhala zoona, sizindipeputsira kanthu, chifukwa pepala ndinalemba ndine. Koma iwe uchenjere. Wamkulu wako pantchito akalandira msanga mlandu umene wamubweretsera, osafunsa funso ngakhale limodzi, udzifunse kuti mlanduwo ukumuthandiza chiyani.

Tsopano imva za ntchito yako, poti ndaigula ndi msana wa munthu wina. Popima, upime zonse zolowa, botolo ndi chitsekero chomwe. Upimenso zonse zotuluka. Zikapanda kulingana, usadzuke pampando kukaloza munthu chala. Uyambe wafunsa ngati chilipo chauluka ngati mpweya, ngati chilipo chakanirira mu mtondo wosinjira, ngati chinyezi chalowa kapena chachoka. Ukayikire sikelo. Ukayikire dzanja lako ndi diso lako, makamaka tsiku limene wadzuka ukufuna kuoneka wanzeru. Munthu abwere pomalizira penipeni. Sindikuti ukhale chitsiru ayi. Akuba alipo, kwinini amabedwa, ndipo wina adzakuuza kuti ufa wauluka pamene waulukira m'thumba mwake. Ameneyo umuuze kuti tiyeni titseke botolo tibwereze tonse tikuona. Woona amakondwa ndi kubwereza, wabodza amakumbukira kuti ali ndi ntchito ina. Ndipo wokuyankha kuti sindidziwa usamuyese mbala chifukwa cha yankho limenelo. Mbala zimene ndakumana nazo ine zonse zinali ndi mayankho okonzeratu.

Koposa zonse, Filimoni, munthu akakutambasulira manja nati nyamula uone, unyamule. Ngakhale ndi wosesa, ngakhale ndi wodwala wosadziwa kulemba, ngakhale wavala chipewa iwe. Sizitenga nthawi yoposa kumeza malovu.

Ndikuuzenso mantha anga, poti ndayamba kale kuvula. Amayi ako atalembera atsibweni ako kupempha malo ako ogona, yankho linabwera msanga kwambiri. Anati, "Abwere, ndi mwana wanga." Anapereka moni kwa aliyense pomutchula dzina, mpaka akufa anawafunsa kuti anaikidwa pati. Dzina langa mulibe. Kalata imeneyo ndaitembenuza kangapo. Kodi akufuna akakuuze nkhaniyi mwa njira yawo, ine kulibe? Kodi akufuna akusunge konko, usadzabwerenso? Mphamvu ali nazo. Mwa mwambo wathu iwe ndiwe wawo, ine ndinangobereka, ndipo zaka zonsezi ndakhala pa mpando umene mwini wake ndinamuthamangitsa. Ndikuopa kuti ukawaona msana, sudzandilemberanso. Ndi chifukwa chake ndafuna kuti umve kwa ine poyamba, popanda kukometsa. Koma taona, ndayambanso. Ndikupima kalata ya munthu ndi kumuumbira mlandu, pamene mwina wangonena zimene zili mu mtima mwake, monga ananenera tsiku lija. Nthendayi siinandichoke, ndangoidziwa dzina.

M'bokosi lako, pakona ya kumanzere, upeza zinthu ziwiri. China ndi mwala wosapsa, wokulunga m'kansanza. China ndi chitini chimene ndachimata ndi phula, m'kati muli mnzake wakupsa uja. Usachitsegule panjira, chinyezi chikalowa mwalawo usanduka ufa, ndipo usaugwire ndi manja onyowa, umawotcha. Anthu a m'sitima akakufunsa kuti bokosi likulemereranji, uwauze kuti ndi mabuku.

Ukafika usafulumire. Tsiku loyamba ulandire madzi, udye, uyankhe za kumudzi. Akakufunsa za ine uyankhe, akapanda kufunsa usanditchule. Tsiku lachiwiri, akaweruka kuntchito nakhala pansi, ukhale pansi pambali pawo monga achitira mphwa kwa atsibweni ake, utsegule chitini, uwatambasulire miyala yonse iwiri, wina kudzanja ili, wina kudzanja ilo. Zakuti wina ndi wopepuka si nkhani kwa iwo, anadziwa iwe usanabadwe. Chimene sanadziwe ndi kumene kunapita kulemerako. Ndinawafunsa funso limenelo pamaso pa uvuni, anati akanadziwa akanandiuza, ndipo chifukwa chosowa yankho anamangidwa pa mkuyu. Iwe yankholo uli nalo. Uwauze bwinobwino monga unandiuzira ine. Ugule mandimu, upeze botolo, uwaonetse ndi thovu lomwe. Munthu uja ayenera kudziwa chimene chinaba laimu wake.

Ukatha zimenezo unene mawu anga, osawonjezera, osachotsa. Uti, "Atsibweni, Gidioni wanyamula, waona. Akuti munanena zoona, iye ndiye ananama. Akuti Lamulungu lapitali ananena mawu omwewa kuseri kwa nkhokwe, pamaso pa mbumba yanu yonse." Ndipo ndikanenadi, pofika iwe ku Limbe ndidzakhala nditanena kale. Akadzati nditenge mphasa yanga, ndidzatenga, ulendo uno palibe woti andiikire kumbuyo.

Undilembere zimene achite, osati zimene ukuganiza kuti ndikufuna kumva. Ukandikometsera ndidzadziwa, umandidziwa. Undiuze ngati alandira miyalayo, dzanja liti layamba, ndipo aiika pati.

Akapanda kulandira usawakakamize, ndipo usawakwiyire. Ukhalebe choncho, manja ali tambalale, mpaka atope. Akapinda manja kumbuyo n'kukusiya ndi miyala iwiri m'manja, usadabwe mwana wanga. Anaonera kwa ine.

Uyende bwino, Mulungu akutsogolere, ndipo bokosi unyamule wekha.

Ndine atate ako,
Gidioni